Chaka Chimene Tinakwirira Mvunguti

"Anthu akabwera kudzakupepesa, usamawayang'ane kumaso. Uziwayang'ana m'manja." Anandichenjeza choncho amayi anga ndili kamtsikana ka zaka ngati khumi, mutu uli mbee, atangotimeta kumene. Mpaka lero, kuno ku Braunstone, munthu akagogoda ndimayamba ndasuzumira pakabowo ka pachitseko kuti ndione wanyamula chiyani. Anthu a kutchalitchi amati agogo aja ndi ovuta, sakhulupirira munthu. Anene. Iwowo sanauone mvunguti uja.

Unali wautali ngati mkono wanga, wotuwa, wokhakhala ngati chidendene cha munthu woyenda opanda nsapato. Kumutu kwake kunali kachingwe kamene unkalendewera nako mumtengo, kodulidwa kumene ndi mpeni, kakadali konyowa. Amalume anaukulunga m'nsalu yoyera, ndipo anaunyamula ndi manja awiri ngati khanda. Kwathu ku Bwanje mitengo ya mvunguti inali mbwee m'mphepete mwa mtsinje. Ankatiletsa kukhala pansi pake kuopa kuti chipatso chingatiphwanye mutu, koma zogwa kale atsikanafe tinkatola n'kumabereka kumsana, kumazitonthoza, kumaziyamwitsa. Ine mvunguti ndinkaudziwa ngati chidole. Ntchito yake inayo ndinaidziwa chaka chimenecho.

Ndikukumbukira zimenezi tsopano chifukwa mdzukulu wanga wamwamuna ali m'ndende ya ana kuno ku England, ndipo pali anthu okoma mtima amene akufuna kundithandiza kumuiwala. Za iyeyo ndinena. Ndiyambe ndi achimwene anga.

Achimwene anali ndi zaka khumi ndi zisanu, mwina kuposerapo pang'ono. Kalelo palibe ankalemba. Bambo anali kumigodi ku Joni, ankangomveka dzina, ndiye pakhomo tinali atatu, amayi, achimwene ndi ine. Achimwene ankaweta ng'ombe za amalume. Anali ndi mpata pakati pa mano, ndipo akaimba mluzu podzera pampatapo, ng'ombe zinkadzutsa mitu ngakhale zili kutali kudambo. Ankanunkha utsi ndi mkaka wosasa. Ankandiumbira ng'ombe zadothi, nyanga zake n'kuikapo minga ya mthethe. Koma mtima wawo unali wapachala. Izi ndisabise.

Tsiku la dibi, pamene ng'ombe za midzi yonse zinkasonkhana kukasambitsidwa mankhwala a nkhupakupa, zathu zinasakanikirana ndi za anthu a tsidya la mtsinje. Panali kukankhana, kutukwanizana, ndipo achimwene anamenya mnyamata wa kutsidyako ndi chibonga, kamodzi kokha, kuseri kwa khutu. Mnyamatayo anadzuka, anasasa fumbi, anakusa ng'ombe zake mpaka kwawo. Anadya, anagona, sanadzukenso. Sindikulemba izi kuti ndiwayeretse achimwene. Anapha mwana wa munthu. Mwanayo ndinkamudziwa. Ankakhala kumbuyo kwanga m'kalasi, wamkulu kuposa tonsefe, ndipo nthawi ina anandisongolera pensulo ndi lezala lake.

Apolisi anawatenga achimwene nthawi yothyola thonje. Mlandu unatha dzuwa litayamba kale kuwotcha, kutali kuboma, ndipo kumeneko kunapita amalume ndi aphunzitsi athu, popeza aphunzitsi ndiwo ankamva Chingerezi. Atabwerako, amalume anangopitirira kwawo osakhota. Aphunzitsi ndiwo anabwera pakhomo. Anapeza amayi pakhonde akusankha thonje lotsalira, loyera kuika uku, lothimbirira uko. Ndinawapatsa mpando, anakhala, chipewa anachiika pabondo.

"Samupachika, mayi, chifukwa ndi mwana. Koma akhala m'ndende mpaka a Pulezidenti atakondwa."

Manja a amayi sanasiye thonje. "Nanga a Pulezidentiwo mwana wanga akumudziwa?"

Aphunzitsi anayang'ana kumsewu, anayang'ana kuseri kwa nkhokwe. Masiku amenewo ngakhale funso linkatha kumumangitsa munthu. "Musamafunse mokweza, mayi."

"Ndiye ndinong'one. Akondwa liti?"

"Tsiku palibe," anatero aphunzitsi.

Nthawi imeneyo mawuwo sanandiopse. Ndinkaganiza kuti munthu aliyense amakondwa tsiku lina, akadya nyama kapena akavala malaya atsopano, ndiye ndinkangodikira kuti a Pulezidenti aphe mbuzi. Lero ndikudziwa chimene chinawafoola amayi. Iwo kudikira ankakudziwa bwino. Bambo kumigodi anali ndi mwezi wawo wobwerera. Njala inkatha mondokwa zikakhwima. Zonsezo munthu ankatha kuziloza n'kunena kuti tikafika apo tipuma. Izi zokha zinalibe poloza.

Chilimwe cha chaka chimenecho chinali chowawa. Mtsinje unaphwa, panatsala mchenga woyera wotentha, ndipo tsidya linayandikira. Kale madzi ankatilekanitsa. Tsopano munthu ankatha kuwoloka osanyowa ngakhale chala. Zinthu zinayamba pang'onopang'ono. Kuchitsime, amayi akafika, amayi anzawo ankasuntha ndowa zawo, nkhani n'kuthera pakamwa. Kusukulu benchi yanga inatsala ndi ine ndekha, mpaka aphunzitsi anandisamutsira kutsogolo, pafupi ndi tebulo lawo. Mmawa wina tinapeza ng'ombe ya amalume itagona panja pa khola, mtsempha wa mwendo wakumbuyo atautema. Inkayesa kudzuka, n'kugwa, n'kuyesanso, maso ali tong'o, osalira. Patapita masiku ochepa denga la nkhokwe yathu linapsa mbali imodzi masanasana, popanda moto pafupi. Fungo la udzu wopsa linakhala m'zovala zathu mpaka mvula.

Mawu a kutsidya ankafika kudzera mwa ana, monga mmene mawu oipa amayendera. Mtsikana wina anandiuza panjira yochokera kusukulu, akumwetulira, ngati akundiuza za gule: "Kwathu akuti kuli manda atsopano. Kwanu kuli chiyani? Wanuyo akungodya phala la boma."

Amayi anapitako kamodzi kundendeko. Unali ulendo wa sitima, kenako wapansi, ndipo anabwerako miyendo itatupa. Sanafotokoze zambiri. Anangoti, "Amumeta mpala. Wawonda. Akufunsa za ng'ombe yothyoka nyanga ija." Ng'ombe yothyoka nyangayo ndiye ija anaitema mwendo, ndipo inali itadyedwa kale. Sindikudziwa kuti amayi anawayankha chiyani. Mawa lake lomwe anayamba kukonzekera ulendo wachiwiri. Anakazinga mtedza pa phale, anauwaza madzi a mchere, anauyanika, anauthira m'chitini chachikulu n'kutseka ndi nsanza kuti mbewa zisalowe. Nyumba yonse inkanunkhira. "Usakhudze," anatero, "ndi wa achimwene ako." Ine ndinkangotsegula pang'ono n'kununkhiza.

Amalume sanali munthu woipa, ndipo ndi chifukwa chake anthu abwino ndimawaopa. Ankatigawira mkaka, ankatilimira ndi ng'ombe zawo. Koma mbumba yonse inali pamapewa awo, alongo awo ena, ana, adzukulu, ndipo chilimwe chimenecho anasiya kugona m'nyumba, ankagona kukhola ndi mkondo. Anatha ngati munthu wodwala.

Anabwera mmawa wina, dzuwa lisanakwere, ali ndi amayi akuluakulu awiri a m'banja mwathu. Nkhope zawo zinali zofewa. Moni wake anali wautali, kufunsa mmene tagonera, mmene miyendo ya amayi ilili, ngati kamtsikanaka kakudya bwino. Amayi anasangalala. Masiku ambiri anali atapita popanda mlendo pakhomo pathu, ndipo ankaganiza kuti abwera kudzakambirana za womuperekeza pa ulendo wa kundende. Anayala mphasa yatsopano. Amayi ankayang'ana nkhope zija. Ine, poti ndinali wamfupi, ndinaona zimene zinali m'manja mwa amalume. Anaika mtolowo pamphasa n'kuvundukula nsalu.

Kwa inu ana obadwira kuno, ndifotokoze. Kwathu munthu akamira m'madzi, kapena akagwidwa ndi ng'ona, kapena akafera kutali kumigodi thupi osabwera, sitinkasiya maliro osalira. Tinkatenga mvunguti, kuukulunga ngati mtembo, kuulira, kuukwirira kumanda m'malo mwake, kuti mzimu wake upeze pokhala ndipo otsala amete apitirize moyo. Unali mwambo wachifundo. Koma unali wa anthu akufa.

Amayi anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Alongo, mwana wanga ndamuona ndi maso angawa. Akupuma."

"Akupuma kuti?" anatero amalume, mawu ali pansipansi. "Munthu wopanda tsiku lobwera, timuwerenge mbali iti? Tsidya akufuna manda, mlongo wanga. Ng'ombe akana, mbuzi akana. Tiwapatse manda, asanabwere kudzasankha okha woti agonemo."

Sanatchule dzina. Koma amayi anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Ndinali nditakhala pamwala wa pakhomo, ndikukanda chipsera pabondo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi, pang'onopang'ono, ngati mmene ankayang'anira nsalu kusitolo. Ndinaganiza kuti ndalakwa kukhala pafupi ndi nkhani za akuluakulu, ndiye ndinadzuka kuti ndichoke. Ndili kuseri kwa nyumba ndinamva kulira kwa amayi kukuyamba, kuja kwa maliro, kokoka, ndipo amayi awiri aja anakulandira.

Maliro ake anali enieni, palibe chinachepa. Uthenga unapita m'midzi, anthu anabwera, amuna anakhala pansi pa mtengo, akazi m'nyumba. Omwe aja osuntha ndowa kuchitsime analira mpaka mawu kusasa, ndipo misozi yawo inali yoona, ndinaiona. Ine ndinalira chifukwa onse ankalira. Anthu atachuluka chakudya chinachepa, ndipo mmodzi wa amayi akuluakulu aja anatulukira m'nyumba atanyamula chitini chija. Mtedza anauthira m'malichero, unayenda dzanja ndi dzanja. Ndinathamangira kwa amayi kukawanong'oneza kuti akudya mtedza wa achimwene. Amayi anangondigwira pamkono mwamphamvu, mpaka zala zawo zinasiya zizindikiro. Kukukuta kuja ndimakumvabe, anthu ambirimbiri akutafuna mwakachetechete.

Ana sitinkapita kumanda, ndiye ndinakwera pachulu. Ndinaona amuna atanyamula chithatha, ndipo chinkayenda mopepuka, chikugwedezeka pamapewa awo, moti ankachita kuchepetsa liwiro dala kuti chioneke cholemera. Kumbuyo kwenikweni kwa gulu, patali pang'ono, kunkayenda anthu a tsidya. Anabwera kudzaona ndi maso awo.

Pobwera kumanda, mayi wa mnyamata wophedwa uja anaima pakhomo pathu. Anali wamfupi, wouma, atamanga nsalu yakuda m'chiuno. Anayang'ana amayi anga n'kunena mosakweza mawu: "Mwakwirira chipatso. Ine ndinakwirira mwana." Anatembenuka n'kuwoloka mchenga uja. Sanatukwane, sanalavule. Zaka zonsezi ndayesa kumuda mayi ameneyu, koma ndalephera. Ananena zoona.

Tsiku lometa, amalume anaika lamulo pamaso pa mbumba yonse. Dzina la achimwene lisatchulidwenso. Wina aliyense asakwere sitima yopita kuja, chifukwa wakufa sayenderedwa, ndipo tsidya akangomva kuti mayi wa maliro wapita kukacheza ndi malirowo, adziwa kuti tawaseka. Lezala linali lobuntha, linkakoka. Tsitsi langa ndi la amayi linasakanikirana pansi, mphepo n'kumalikankhira kumpanda. Anthu atabalalika, amayi anandisambitsa m'mutu ndi madzi ofunda, ndipo ndi pamenepo anandiuza za kuyang'ana m'manja.

Ndiye zinthu zinakhaladi bata. Izi ndiye zimandiwawa kwambiri: mankhwala a amalume anagwira. Ng'ombe sizinatemedwenso. Ndowa zinabwerera pafupi ndi ya amayi. Benchi yanga inadzaza. Mvula inagwa, mtsinje unadzaza, tsidya linabwerera kutali. Ine m'mutu mwanga ndinakonza nkhani yanga: ndinkakhulupirira kuti akuluakulu, mwa nzeru zawo, anawachotsa achimwene kundende n'kuwalowetsa mumvunguti muja. Ndinasiya kubereka mivunguti. Ndikaona mnzanga akuponya wake pansi ndinkamukalipira. Tsiku lina tikupalira ndinafunsa amayi kuti kodi mkati muja achimwene akupuma bwanji, poti mulibe bowo. Amayi anaimika khasu. Nthawi yomweyo sitima inalira kutali, ndipo anaima choncho, mutu uli pambali, mpaka phokoso lake linazimirira. Kenako anapitiriza kupalira. Ankatero nthawi zonse sitima ikalira, mpaka ukalamba wawo.

Zoona zake tinazimva ine nditakwatiwa kale, mwana wanga wamkazi ali kumsana. Kunabwera bambo wina wotsokomola, wopanda mano akutsogolo, akufunsa mudzi wathu ndi dzina lija losatchulidwa. Amayi anamuyang'ana m'manja. Munalibe kanthu, ndiye anamupatsa mpando. Anati anakhala nawo achimwene m'chipinda chimodzi zaka zambiri. Anati achimwene anakula, anamera ndevu, ankasamala munda wa ndiwo zamasamba wa kundendeko, mtima uja unazizira. Anati tsiku lililonse la alendo ankasamba mmamawa, kuchapa malaya, n'kukakhala pafupi ndi chipata mpaka belu lotsekera. Anzawo ankawaseka, iwo n'kumati, "Amayi miyendo imawavuta, abwera ikaphwa." Anamwalira ndi chifuwa, anaikidwa ndi akaidi anzawo. Za mvunguti sanamve. A Pulezidenti sanakondwe.

Tsopano za mdzukulu wanga.

Kuno ndinabwera kudzalera ana, mwana wanga wamkazi uja atapeza ntchito ya unesi ku Leicester. Mnyamatayu ndinamulera ndine, mayi wake ali kumashifiti. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, kupatula moni ndi mawu opempha chakudya. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, panachitika ndewu ya anyamata pafupi ndi paki, panatuluka mpeni, mwana wa munthu anafera pomwepo. Iye amati sanabaye. Khothi linati ankadziwa za mpeniwo ndipo anathandiza. Ine sindinali pomwepo, ndipo sindikhulupirira aliyense, ngakhale iyeyo. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'khothimo munali mayi wina wamfupi, atafumbata chipewa cha mwana wake wophedwayo, ndipo ndinamuzindikira ngakhale ndinali ndisanamuonepo.

Loya wake anali mtsikana wa mawu ofewa. Anatitengera pakona n'kufotokoza, mwana wanga akundimasulira. Anati tisataye mtima, kuno sikuli ngati maiko ena kumene mwana amatsekeredwa mpaka imfa popanda womuyang'ananso. Anati chilangocho ndi cha moyo wonse, inde, koma jaji watchula zaka zoyamba, ndipo zikadzatha kuli anthu amene adzakhale pansi kuona ngati angatuluke. Ngati. Zaka zake n'zoposa zimene mwanayo wakhala pa dziko lapansi. Ndinafunsa dzina la chilangocho, ndipo mwana wanga anamasulira monyinyirika: akhala mpaka a Mfumukazi atakondwa. Ndinaseka, anthuni, m'khonde la khothi momwemo, kuseka koipa, mpaka mlonda anatembenuka. Ndinati, "Mufunse, a Mfumukaziwo mdzukulu wanga akumudziwa?" Mwana wanga ananditsina. Sanamasulire.

Zotsatira zake ndinkazidziwa zisanachitike. Njerwa inalowa pawindo la pabalaza. Pabini yathu ya zinyalala analembapo mawu ndi penti. Mdzukulu wanga wamng'ono, kamtsikana, anabwera kuchokera kusukulu malovu ali pajuzi. Ndinayamba kukhala pawindo la m'mwamba, kuyang'ana galimoto iliyonse yoima nthawi yaitali.

Loweruka lina kunabwera amayi a kutchalitchi. Nkhope zofewa, moni wautali. Wina ananyamula mpunga, wina nkhuku yowotcha, wina mandasi. Wa kumbuyo anali atapanira m'khwapa mpukutu wa majumbo akuda aja otayira zinyalala.

"Agogo, tangobwera kudzathandiza kukonza m'chipinda chija, kuti mtima wa mayi wake upepuke."

"Mwini chipinda wamwalira liti?" ndinafunsa.

"Aaa, agogo inunso! Ndani wanena za kumwalira?"

Palibe ananena. Anali atakonza kale zonse, mwachikondi. Mwana wanga apeze ntchito ku Derby, asamukire ku dera la konko la Normanton kumene sakudziwika. Kumeneko azinena kuti ali ndi mwana mmodzi. Achibale a kumudzi auzidwe kuti mnyamata ali kusukulu yogonera konko. Zovala zipite kwa osauka. Ndinayang'ana mwana wanga kuti akane. Anali ataima pamasitepe, yunifolomu ikadali m'thupi, maso ofiira. Anati, "Mami, ndili ndi mwana winanso." Ndipo anatembenuka kuyang'ana kamtsikana kaja, kamene kanakhala pansi kakusewera ndi foni. Anakayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Ndinakhala pansi. Zaka zonsezo ndinkati amayi anandiyang'ana tsiku lija chifukwa ndinakhala pafupi ndi nkhani za akuluakulu. Ngakhale nditakula, nditamva za bambo wotsokomola uja, mlandu wonse ndinkauika pa amalume, amayi ndinkangoti anagonja poti anali mkazi. Ndinachita kufika ukalamba, m'dziko la eni, kuti ndione kuyang'ana komwe kuja pankhope ya mwana wanga, ndipo ndi pamene ndinamva. Amayi sanagonje. Anasankha. Pamphasa paja panali mvunguti, pamwala panali ine, ndipo manda a tsidya ankafuna mmodzi. Kamtsikana kokanda chipsera kaja sikakanadziwa kuti achimwene ake adzakhala pachipata zaka zonsezo, atachapa malaya, kuti iko kazipita kuchitsime n'kubwerako.

N'chifukwa chake mwana wanga sindinamutukwane. Anasamuka, ndipo kamtsikana kaja kakukula bwino, kakuseka. Kundende amapitako mwa apo ndi apo, akapeza mphamvu. Koma majumbo aja ndinawalanda. Ndinalongedzamo ndekha nsapato zake, jekete, bulangete lake lonunkhabe thukuta la mpira, ndipo khonsolo itandipatsa kafulati kakang'ono mumsewu womwewu ndinazinyamula ndekha, jumbo limodzilimodzi. Ku Derby ndinakana. Windo langa limayang'ana khomo lathu lakale. Mumakhala anthu ena tsopano, koma ndi khomo lokhalo limene mwanayo akulidziwa.

Tsiku la alendo ndimapita. Basi, sitima, basi inanso. Pachipata amandivula duku, amandiyang'ana m'kamwa, galu amandinunkhiza. Nawonso amayang'ana m'manja. Pamenepo pokha ndimagwirizana nawo. Chakudya cha kunyumba salola. Komabe dzulo lake ndimakazinga mtedza, wogula kwa amwenye a ku Spinney Hill aja olankhula Chichewa cha ku Limbe, ndimauwaza madzi a mchere, ndipo ndimadya ndekha m'sitima, pang'onopang'ono ndi mano otsalawa. Mtedza umenewu sudzadyedwa ndi anthu a pamaliro. Ndikalowa ndimamupeza atakhala kale patebulo, atapesa, atasamba. Wayamba kumera tindevu. Amati, "Agogo, mwadzuka bwanji?" kenako maso ake amapita kuchitseko kumbuyo kwanga. Ndimati mayi ako ali kushifiti. Amagwedeza mutu. Akuti posachedwa amusamutsira kundende ya akuluakulu, sanandiuze kuti ndi kutali bwanji.

Ndili ndi shuga, ndipo miyendo yayamba kutupa ngati ya amayi. Zaka zimene jaji anatchula ndaziyerekeza ndi thupi langali, sizikukwanirana. Kwa loya uja chilangochi chili ndi khomo lotulukira. Kwa ine chilibe.

Ndiye ndikupempheni, inu a kwathu amene muli kuno, manesi, osamalira okalamba, inu otsika basi mmawa kuchokera kumashifiti. Mukamadutsa ku Braunstone muzikhota. Mukaona katani ya pawindo langa ikadali yotseka dzuwa lili pamutu, gogodani. Sinditsegula msanga, ndipo mwina sindikupatsani tiyi. Imani pamene ndingakuoneni pakabowo, manja ali poyera. Mpunga musabweretse, majumbo musabweretse. Mungofunsa kuti agogo mulipo, ndipo mufunsenso kuti mnyamata uja ali bwanji, mokweza, anthu a mumsewu amve kuti alipo.

Tsiku limene mudzagogode osamva kukhosomola kwanga, musadzayambe ndi kuimba foni kumudzi, kapena kusonkhanitsa za bokosi. Ine ndidzakhala ndilibe changu. Mmodzi wa inu adzakwere basi, sitima, ndi basi inayo, akamuuze pamaso. Asadzasambe mmamawa n'kukhala patebulo paja, akuyang'ana chitseko, n'kumauza anzake kuti agogo miyendo imawavuta.